Za Magetsi Oyatsira Timaroketi

Pa 4 Okutobala 1957 anthu a ku Russia anaponya m'mwamba chombo chotchedwa Sputnik, ndipo kuyambira tsiku limenelo ana a sukulu a m'maiko ambiri anagwidwa ndi chilakolako chofuna kuulutsa zinthu. Chilakolakocho chinafika ndi kuno komwe. M'chaka cha 1964, ku Lusaka, mphunzitsi wina dzina lake Edward Makuka Nkoloso analengeza kuti adzatumiza anthu ku mwezi. Ophunzira ake ankawalowetsa m'migolo ndi kuwakunkhuniza pachitunda kuti azolowere ulendo, ndipo anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7,000,000. Ndalamazo sizinabwere, ndipo palibe chimene chinauluka. Ku Amerika chilakolako chomwecho chinapundula anyamata ambiri, ena mpaka kufa, pakuti ankasakaniza okha mankhwala ophulika, nawathira m'mapaipi achitsulo, nayatsa ndi machesi ataimirira pomwepo.

Chimene chinachepetsa ngozizo ndi nzeru ya anthu ochepa. Orville Carlisle, wogulitsa nsapato wa ku Nebraska, anapanga m'chaka cha 1954 kainjini kokutidwa ndi pepala lolimba, kogwira ntchito kamodzi kokha nkutayidwa. G. Harry Stine, amene ankagwira ntchito pamalo oyesera maroketi aakulu ku White Sands, anakayesa naona kuti nkabwino, ndipo mu 1957 awiriwo anayambitsa bungwe limene lero litchedwa National Association of Rocketry. Vernon Estes anapanga makina otulutsa tiinjini timeneti tambirimbiri, nakhazikitsa kampani yake mu 1958. Malamulo a bungwe lija aima pa mfundo ziwiri zazikulu: injini ikhale yopangidwa kufakitale, osati kunyumba, ndipo iyatsidwe ndi magetsi munthu ali patali.

Mfundo yachiwiriyo ndiyo mutu wa nkhani ino. Kabokosi kamene woulutsa agwira m'manja nkosavuta kupanga, koma kawirikawiri kamachititsa manyazi pa tsiku lenilenilo. Ana awerenga chotsitsa, 5, 4, 3, 2, 1, batani lidinizidwa, ndipo karoketi kangokhala duu. Anthu athamangira kunena kuti injini ndi yakufa, pamene nthawi zambiri cholakwa chili pa batire, pa waya, kapena pa zopanira. Tsono mphindi imeneyo ndiyo yoopsa koposa zonse, chifukwa mwana aliyense afuna kukhala woyamba kukasuzumira, ndipo injini imene yachedwa kuyaka ikhoza kuyaka nkhope yake ili pamwamba pake.

Mphunzitsi wa ku Blantyre ayenera kudziwa msanga kuti tiinjini timeneti si katundu wamba m'masitolo a mu Victoria Avenue kapena a ku Limbe. Tili m'gulu la zophulika, sitiloledwa m'chikwama cha munthu wokwera ndege, ndipo dziko lino lili ndi lamulo lake loyang'anira zophulika, kotero kuti wofuna kuitanitsa ayenera kuyamba wapeza chilolezo. Kupanga injini kusukulu kapena kunyumba ndi kubwerera ku imfa zija za anyamata a ku Amerika, ndipo mphunzitsi asalole nkomwe. Koma kabokosi koyatsira nkena. Zonse zofunika pa iko zipezeka mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande, ndipo mulibe chophulika chilichonse. Ndi chipangizo chimene chiphunzitsa za magetsi bwino koposa zithunzi za pabolodi, ndiponso chigwirizana ndi mwambo wa TALULAR umene aphunzitsi aphunzira kukoleji, wophunzitsira ndi zinthu zopezeka pafupi.

M'kamwa mwa injini mulowetsedwa kanthu kotchedwa choyatsira. Ndi mawaya awiri olumikizidwa kunsonga ndi kawaya kowonda ngati tsitsi, ka chitsulo cha nichrome, chomwe chija chifiira m'mbaula yamagetsi ndi m'simbi yositira. Magetsi akadutsa m'kawayako katentha mpaka kufiira, ndipo kayatsa mankhwala a m'injini. Kuchokera pa choyatsira mawaya awiri aatali apita ku kabokosi, m'mene muli batire, kiyi wochotseka, kanyali, ndi batani lobwerera lokha munthu akachotsa chala. Zonsezi zili pa njira imodzi, motero kiyi akazulidwa njira yaduka ndipo palibe chingayake, ngakhale mwana wopulupudza adinize batani kakhumi.

Pofuna kumvetsa za batire pafunika mawu atatu, amene Chichewa chikhoza kuwanyamula popanda kubwereka zambiri. Anthu a mu Blantyre adziwa bwino za madzi. Ambiri mwa madzi a mumzinda uno achokera ku Shire pa Walker's Ferry, ndipo amapopedwa kukwera mtunda wa mamita pafupifupi 800 asanafike m'matanki. Pali kukankha kwa madzi, pali kuchuluka kwa madzi amene atuluka pampopi, ndiponso pali kupanikiza kwa paipi yowonda kapena ya dzimbiri. Magetsi ali chimodzimodzi. Kukankha kwake kuyesedwa ndi ma volt, kuchuluka kwa amene akuyenda kuyesedwa ndi ma ampere, ndipo kukaniza kwa njira kuyesedwa ndi ma ohm. Georg Ohm wa ku Germany anasonyeza mu 1827 kuti munthu akagawa ma volt ndi ma ohm apeza ma ampere. Imeneyi ndi samu yogawa chabe, imene mwana wa Sitandade 7 aitha.

Choyatsira sichisamala dzina la batire kapena nambala yolembedwa pa chikopa chake. Chimene chifuna ndi ma ampere, ndipo chiwafuna ambiri pa kanthawi kochepa. Choyatsira wamba cha nichrome chikaniza ndi ohm yosakwana imodzi, ndipo chifuna ma ampere ngati 2 kapena kuposa kuti chiyake mosakayikitsa. Tochi yaing'ono ikoka gawo lochepa la ampere imodzi kwa maola angapo; choyatsira chikoka kangapo kuposa pamenepo kwa sekondi imodzi. Ndiponso kutentha kwa kawaya sikutsika mofanana ndi ma ampere. James Joule anapeza kuti ma ampere akatsika ndi theka, kutentha kutsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Nchifukwa chake batire lofooka pang'ono silichedwetsa karoketi pang'ono ayi, likalepheretseratu.

Tsono pali chinthu chimene mabuku a ana sanena kawirikawiri: batire lomwe lili ndi kukaniza kwake m'kati mwake. Lili ngati tanki yodzaza imene potulukira pake mpopanikizika. Tibokosi togulitsidwa ndi kampani ya Estes tambiri tigwiritsa mabatire anayi a AA, amene ena awatcha miyala ya tochi, ndipo pamodzi apereka ma volt 6. Mwachitsanzo, mabatire atsopano a mtundu wa alkaline akhale akukaniza ndi 0.2 ohm lililonse, ndiye kuti onse anayi 0.8, waya akhale 0.35, ndipo choyatsira 0.8. Zonse pamodzi zikwana pafupifupi ma ohm 2, ndipo 6 kugawa ndi 2 ndi ma ampere 3. Karoketi kanyamuka. Mabatire omwewo akagwira ntchito nthawi, kukankha kwake kutsika mwina kufika 1.3 lililonse, koma kukaniza kwake ndiko kukwera kwambiri, mwina kufika 0.6. Pamenepo ma volt ali 5.2, ma ohm ali 3.55, ndipo ma ampere satha kufika 1.5. Mabatire amenewo aimbitsabe wailesi kwa masabata, ndipo mwini wake alumbira kuti ngabwino, koma kawaya kaja angokafunditsa.

Apa mpamene msika usokeretsa munthu. Mabatire otchipa amene agulitsidwa pamabenchi, ngakhale ena alembedwa mawu otamanda mphamvu yake, ambiri ndi a mtundu wakale wa zinc-carbon, amene kukaniza kwake kwa m'kati nkwakukulu kuyambira ali atsopano. Kugula amenewo nkutaya ndalama ya sukulu. Chimodzimodzinso kabatire kamakona anayi ka ma volt 9. Nambala yake ikopa maso, koma m'kati mwake muli timabatire tisanu ndi kamodzi tating'onoting'ono, ndipo potulukira pake mpothina. Ka alkaline katsopano kakhoza kuulutsa kangapo kasanafooke. Ka zinc-carbon nkosathandiza konse. Mabatire otchajidwa a NiMH alembedwa ma volt 1.2 okha, ndipo munthu angawapeputse, komatu kukaniza kwawo nkochepa kwambiri, kotero kuti pa ntchito imeneyi aposa mabatire otchipa a 1.5.

Waya nayenso adya gawo lake. Malamulo a bungwe lija anena kuti anthu aime mapazi 15 kutali ndi karoketi ka injini yaing'ono, ndiwo mamita pafupifupi 5, ndipo mapazi 30, kapena mamita 9, ngati injini iposa ya chilembo D. Magetsi apita ndi kubwerera, motero mamita 5 a mtunda ndi mamita 10 a waya. Waya wamkuwa wa 0.5 mm² akaniza ndi 0.035 ohm pa mita iliyonse, ndiye 0.35 uja wa m'chitsanzo. Timawaya towonda tochotsedwa m'nthambo za telefoni kapena za kompyuta tikaniza ndi pafupifupi 0.85 pa mamita 10 omwewo, kuposa choyatsira chimene. Pamenepo mphamvu yochuluka ithera m'njira. Waya wa 1.5 mm², amene amisiri amayalira magetsi a nyali m'nyumba, akaniza ndi 0.12 chabe. Pogula nkofunika kusenda nsonga ndi kuona, chifukwa pamsika pali waya wonenepa ndi pulasitiki koma wowonda m'kati, ndi wina wa aluminiyamu wongopakidwa mkuwa pamwamba. Zopanira za kumapeto nazo zidetsedwa ndi utsi wa injini, ndipo m'miyezi ya chiperoni zichita dzimbiri msanga. Kapepala kokhula nako matabwa kayenera kukhala m'bokosi nthawi zonse.

Kwa sukulu ya mu Blantyre, batire loyenera koposa ndi la ma volt 12 la mtovu, pakuti lili paliponse. Lili m'njinga zamoto za akabaza, lili m'nyumba zimene zili ndi sola, ndipo malo otchajira sasowa m'tauni iliyonse. Batire laling'ono lotsekeka, longa la 7 Ah, likaniza ndi 0.03 ohm kapena kuchepera, ndiye kuti pafupifupi mphamvu yake yonse ifika kumene ifunidwa. Ubwino wake uoneka kwambiri pa roketi ya injini zitatu zoyaka pamodzi. Zoyatsira zitatu zikalumikizidwa mogawana njira, kukaniza kwake kutsika kufika 0.27. Mabatire anayi a AA atsopano apereka ma ampere 4.2, amene akagawidwa patatu chilichonse chilandira 1.4, injini imodzi iyaka, zina zitsala, ndipo roketi ikhotera kumene kuli anthu. Batire la ma volt 12 pa waya yemweyo lipereka ma ampere ngati 18, chilichonse 6, ndipo zonse ziyaka nthawi imodzi.

Koma mphamvu imeneyo ili ndi kuopsa kwake. Sipanala kapena waya akagunda mitu yonse iwiri ya batire lotere, ma ampere mazana ayenda, chitsulo chifiira, ndipo dzanja lipsa. Chotero pafupi ndi mutu wofiira paikidwe fyuzi ya galimoto ya ma ampere 15 kapena 20, ndipo mitu yonse ikutidwe. Batire la galimoto lotsegulika lili ndi asidi wotentha khungu ndi zovala, ndipo potchajidwa litulutsa mpweya woyaka, motero lisatchajidwe m'kalasi kapena pafupi ndi mbaula. Ana alione, koma wolinyamula ndi kulilumikiza akhale mphunzitsi.

Mtunda ukatalika, ena aika batire pafupi ndi karoketi, nagwiritsa relay, kaswichi kaja kotsekedwa ndi maginito kamene kaimbitsa hutala ya galimoto, kopezeka kwa ogulitsa zitsulo za galimoto. Kabokosi ka m'manja kangotumiza timagetsi tochepa tokoka relay, ndipo magetsi ambiri ayenda pa waya wamfupi wonenepa. Nzeruyo ndi yabwino, koma ili ndi msampha. Milomo ya relay nthawi zina isungunuka nimamatirana, ndipo pamenepo zopanira zikhala ndi moto ngakhale kiyi ali m'thumba la mphunzitsi. Wogwiritsa njira imeneyi aike swichi yachiwiri pa batire pomwepo, ndi kabelu kolira ngati relay yamamatira. Pa timaroketi ta sukulu ya pulaimale, waya wonenepa wa mamita 10 akwanira popanda zonsezi.

Pali zina zimene ophunzira adzafunsa ndithu. Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi ma volt 230, ndipo apha. Asayandikizidwe pa kabokosi mwa njira iliyonse. Chosungira moto wa foni chipereka ma volt 5, koma chinapangidwa kuti chizidula chokha chikaona magetsi ambiri akutuluka mwadzidzidzi, ndipo choyatsira chioneka kwa icho ngati ngozi. Mabatire a lithiamu ochotsedwa m'makompyuta akale ali ndi mphamvu yokwanira, koma akagundanitsidwa kapena kuboola ayaka moto wovuta kuzima, ndipo sayenera kukhala m'manja mwa ana. Sola yaing'ono payokha siitha ntchito imeneyi. Ntchito yake nkudzaza batire pang'onopang'ono, monga anachitira William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene makina ake amphepo a dayinamo ya njinga ankatchaja batire la galimoto, ndipo batirelo ndilo linkasunga moto wa nyali za usiku.

Kanyali ka pa kabokosi kafuna kufotokozedwa bwino, pakuti ambiri akamva molakwa. Kiyi akalowetsedwa, magetsi adutsa m'kanyali ndi m'choyatsira momwe, koma kanyaliko kakaniza kwambiri, motero oyendawo ngochepa, osatha kutenthetsa kawaya. Batani likadinizidwa lilambalala kanyali, ndipo magetsi onse athamangira ku choyatsira. Kanyali kangonena chinthu chimodzi, kuti njira siinaduke. Sikanena kuti batire lili ndi mphamvu, chifukwa ngakhale lofooka likayatsa bwino lomwe. Sikanenanso kuti magetsi akudutsa m'choyatsira, chifukwa zopanira zikagundana, kapena zikakhudza zonse ziwiri chitsulo chotchinga moto pansi pa karoketi, kanyali kayakabe. Ndiponso kanyali kolakwika nkoopsa. Pali zoyatsira zina zimene ziyaka ndi magetsi ochepa kwambiri, ndipo babu wamba wa tochi, ngakhale wa galimoto, alola magetsi okwanira kuziyatsa pamene kiyi angolowa, batani lisanakhudzidwe. Njira yosaopsa ndi kanyali ka LED kokhala ndi chokaniza cha ma ohm 1,000, kamene pa ma volt 12 kalola gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a ampere.

Batire liyesedwe dzulo lake, ndipo liyesedwe likusenza katundu. Mita yoikidwa pa batire lopuma ingoonetsa kukankha, monga munthu woyang'ana tanki osatsegula mpopi. Batire la mtovu lodzaza lionetsa ma volt 12.6, ndipo likafika 12.0 ndiye kuti latha theka kapena kuposa. Babu la galimoto la ma watt 21 likoka pafupifupi ma ampere 2, ofanana ndi choyatsira. Likalumikizidwa kumapeto kwa mawaya aatali nawala mwamphamvu pamene batani lidinizidwa, batire, waya ndi zopanira zonse zayesedwa nthawi imodzi.

Karoketi kakakana kunyamuka, mphunzitsi achotse chala pa batani, azule kiyi, aike m'thumba lake, ndipo aliyense adikire masekondi 60 asanasunthe phazi. Lamulo limeneli ndi la bungwe lija, ndipo m'kalasi la ana ambiri njira yabwino yolisungira ndi kuwauza kuti awerenge masekondiwo mofuula ali chikhalire pansi. Wopita kukaona akhale mmodzi yekha, mwini kiyi, ndipo afike chakumbali, osaweramira pamwamba. Malo nawo ayesedwe. Injini ya chilembo A ifuna bwalo la mamita 30 mbali zonse, ya B mamita 60, ya C mamita 120, kotero kuti bwalo la mpira likwanira B basi, ndipo sukulu zambiri za ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa zazingidwa ndi nyumba ndi mawaya a magetsi. Mphepo isapose makilomita 32 pa ola. Mu Seputembala ndi Okutobala udzu uli wouma gwa, ndipo uyenera kupalidwa pozungulira ponse. Sukulu za mbali ya Chileka, kumene ndege zitera ndi kunyamuka motsika, zisaulutse kanthu popanda kufunsa oyang'anira maulendo a ndege.

Popeza injini nzosowa, kabokosiko kakhoza kugwira ntchito popanda izo. Ulusi umodzi kapena uwiri wa chitsulo chotsukira mapoto, wopanidwa pakati pa zopanira pa dothi lopanda udzu, ufiira monga choyatsira chenicheni, ndipo ukakhudzitsidwa chibaluni chofufumitsa uchiphulitsa ana ali mamita 5 kutali. Ndi chipangizo chimenechi kalasi likhoza kuyesa lokha zonse zanenedwa pamwambapa: mabatire otchipa ndi a alkaline, waya wowonda ndi wonenepa, wamfupi ndi wautali, nkulemba m'makope chimene chaphulitsa ndi chimene chalephera. Kawaya kotentha komweko kakhoza kudula ulusi wa nayiloni womanga chogwirira cha roketi ya madzi, ndiyo botolo lapulasitiki la malita 2 lothiridwa madzi gawo limodzi mwa atatu ndi kupopedwa ndi pampu ya njinga. Botolo lagalasi lisayesedwe. Kiyi, kuwerenga chotsitsa ndi masekondi 60 zisungidwe monga ngati injini ndi yamoto.

Teremu ikatha, mabatire a AA achotsedwe m'kabokosi, chifukwa akakhalitsa atuluka madzi amene adya zitsulo zogwirira. Batire la mtovu lidzazidwe lisanatsekeredwe m'kabati, ndipo litchajidwenso sukulu ikatsegulidwa, pakuti likasiyidwa lopanda moto kwa miyezi silibwereranso mwakale. Likafa liperekedwe kwa ogula mabatire akale, osati kuponyedwa kudzala kapena mumtsinje wa Mudi, chifukwa mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana. Kiyi asungidwe padera, pa mphete ya makiyi a mphunzitsi.